Ndalama zanu ku South Africa: zoyenera kuchita kuyambira musananyamuke mpaka pobwerera

Munthu akamakonzekera ulendo wa ku Joni, mtima wake umakhala pa pasipoti, tikiti ya basi ndi m'bale amene akamuchingamire pa Park Station, siteji yaikulu ya mabasi ku Johannesburg, pamene nkhani ya kasungidwe ndi kalipiridwe ka ndalama amaisiya kuti akaionera komweko. Vuto lake limadzaonekera pakutha pa mwezi woyamba, abwana akafunsa nambala ya akaunti yoti aikemo malipiro, munthu n'kupereka ya msuweni wake chifukwa yake alibe. Kuyambira tsiku limenelo thukuta lake limadzera m'manja mwa wina lisanafike m'thumba mwake. Malangizo otsatirawa akuyenda motsata ulendo weniweniwo, ndipo mfundo imene ndiibwereze kangapo ndi yakuti ku South Africa ndalama zanu zimamangiririka ku zinthu ziwiri, mapepala anu ndi nambala yanu ya foni, choncho zonsezi ziyenera kukhala m'dzina lanu.

Ntchito yoyamba ili kumudzi konkuno, kutatsala masabata angapo kuti munyamuke. Pitani ku banki yanu mukafunse ngati khadi yanu ndi yololedwa kugwira ntchito kunja kwa dziko, ndiponso kuti mungatape kapena kulipira ndalama zochuluka bwanji pa mwezi muli kunjako. Funso lachiwirili ndi lofunika kuposa loyamba, pakuti chizindikiro cha Visa kapena Mastercard pa khadi sichitanthauza kuti banki ili ndi ndalama zakunja zokulipirirani. Ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki a ku Malawi kwa zaka zingapo, ndipo ngakhale Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusowako sikudathe. Chifukwa cha ichi mabanki amaika malire pa makhadi ogwiritsidwa ntchito kunja, ndipo malirewo amasinthasintha. Pa ulendo womwewo pemphani marandi, mutatenga pasipoti ndi tikiti, podziwa kuti mwina simupatsidwa tsiku lomwelo kapena simupatsidwa onse amene mukufuna. Lisiti imene akupatseni muisunge pamodzi ndi pasipoti, chifukwa ndiwo umboni wanu pa chipata wakuti ndalamazo mudazipeza m'njira yovomerezeka.

Simukhadi yanu ya Airtel kapena TNM musamusiyire mwana kapena kuitaya. Airtel Money, Mpamba, ngakhalenso mauthenga ochokera ku banki yanu ya kumudzi, zonse zimadalira nambala imeneyo, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaitseka n'kudzaipereka kwa munthu wina. Itengeni, ndipo muziigulira mayunitsi nthawi ndi nthawi.

Oyenda pa basi amadutsa m'maiko awiri asanafike: atatuluka pa Mwanza amalowa Mozambique pa Zobue, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka kukafika pa Beitbridge. Kwacha ikangotalikira chipata cha Zobue imasanduka pepala wamba, pamene marandi ndi madola a America amalandiridwa m'malo ambiri amene mabasi amaima. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono zokwanira chakudya, madzi ndi chimbudzi, pakuti mukatulutsa ndalama yaikulu m'njira, makamaka ku Zimbabwe, chenje chimavuta ndipo mudzakakamizika kugula zomwe simunafune. Zotsalazo zigaweni pawiri kapena patatu, zina pathupi, zina m'chikwama chimene simusiyana nacho, koma osati m'katundu wa pansi pa basi. Anyamata osintha ndalama pa zipata manja awo ndi ofulumira kuposa maso a munthu amene wagona m'basi usiku wonse. Ngati palibe kuchitira mwina, sinthani zochepa, ndipo muwerenge nokha zomwe akupatsani musanatulutse zanu. Dziwaninso kuti malamulo a South Africa amaika malire pa marandi a m'manja amene munthu angalowe kapena kutuluka nawo.

Ndalama zamapepala za dzikolo zilipo zisanu, zonse zili ndi nkhope ya Nelson Mandela, ndipo njira yosavuta yozizolowera ndiyo kuyang'ana nyama: chipembere pa R10, njovu pa R20, mkango pa R50, njati pa R100 ndi kambuku pa R200. Ya kambukuyo ogulitsa ambiri amaiunika kaye asanailandire poopa yachinyengo, ndipo inunso muzichita chimodzimodzi.

Mukafika, musanaganize za banki, pezani nambala ya foni. Lamulo lotchedwa RICA limafuna kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo mlendo amalembetsa ndi pasipoti pamodzi ndi umboni wa komwe akukhala. M'misewu ndi m'timashopu mudzapeza masimukhadi otsika mtengo olembetsedwa kale, oti mukangoika mu foni ayamba kugwira ntchito, ndipo pafupifupi mlendo aliyense amayamba ndi imeneyo. Yoimbira abale kuti mwafika bwino ilibe vuto, koma musaipereke ku banki. Banki imatumiza pa nambala yanu manambala achinsinsi otsimikizira malipiro, ndipo tsiku limene foni idzabedwe mudzapita ku Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C kukapempha nambala yomweyo, iwo n'kupeza kuti idalembetsedwa m'dzina la munthu amene simudamuonepo. Pamenepo nambala yapita, ndipo kulowanso mu akaunti yanu kudzafuna maulendo angapo a ku banki. Lowani m'sitolo yeniyeni ya kampani ya foni, mulembetse nokha, ndipo kakhadi kamene mwathyolapo simukhadiyo mukasunge.

Amene mwangobwera kwa masiku ochepa, kudzapikula katundu, kuchipatala kapena ku ukwati, nkhani yanu ndi yaifupi. Pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala masiku 30 popanda viza, koma chidindo chimenecho sichikwanira kutsekulira akaunti wamba, kotero mudzadalira ndalama za m'manja ndi khadi yanu ya kumudzi. Madola sinthani ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, komwe adzafuna pasipoti. Polipira ndi khadi kapena potapa pa makina a ATM, makinawo akakufunsani ngati mukufuna kuti mtengo uwerengedwe m'marandi kapena m'ndalama ina, sankhani marandi, chifukwa mtengo wosinthira umene makinawo amaika okha nthawi zambiri umakhala wokudyerani.

Amene muli ndi chilolezo chogwira ntchito kapena chophunzira, tsekulani akaunti m'sabata yoyamba. Mabanki onse, kaya Standard Bank, Absa, FNB, Nedbank kapena Capitec, amatsata lamulo la FICA la chaka cha 2001, limene limawakakamiza kudziwa bwino munthu aliyense amene akumusungira ndalama. Tengani pasipoti yeniyeni osati kope, chilolezo chimene sichidathe, kalata ya kuntchito kapena ya kusukulu, ndi umboni wa komwe mukukhala. Chotsirizachi ndicho chimabweza anthu ambiri, chifukwa Amalawi ambiri amayamba ndi kugona kwa m'bale kapena kuchita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu, kopanda pangano lolemba ngakhale bilu ya m'dzina lawo. Njira yake ilipo. Mwini nyumba amalemba kalata yotsimikiza kuti mukukhala pakhomo pake, n'kukailumbirira ku polisi komwe amadinda chidindo osalipiritsa, ndipo inu mumaphatikizapo kope la chiphaso chake ndi bilu ya madzi kapena magetsi ya nyumbayo yosapyola miyezi itatu. Mabanki amasiyana pa kulimbikira kwawo, choncho funsani kaye nthambi imene mukufuna kupitako musanaononge tsiku la ntchito.

Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa mapepala onse, chilembo ndi chilembo. Ine adandibweza kawiri pa banki ina ku Pretoria chifukwa kalata ya kuntchito idalemba dzina la makolo anga ndi "r" pamene pasipoti ili ndi "l". Kwa ife zilembo ziwirizi timangozisinthanitsa osaona cholakwika, koma mayi amene adali pa desikiyo adaika mapepala awiriwo pambalipambali, nandilozera ndi cholembera, n'kundiuza mwaulemu kuti kwa iwo awa ndi anthu awiri osiyana. Ndidayesa kufotokoza za kalankhulidwe ka kwathu, iwo adangomwetulira n'kuitana wotsatira pa mzere.

Posankha banki musatengeke ndi kukongola kwa khadi kapena kuti anzanu onse ali kumeneko. Funsani ndalama imene amadula pa mwezi, imene amadula mukatapa pa makina awo ndi pa makina a banki ina, komanso imene amadula mukaika ndalama za m'manja, pakuti kumeneko ngakhale kusungitsa kumene amakulipiritsa. Kwa munthu wolandira malipiro ochepa, akaunti yotsikitsitsa imakwana, ndipo musalole kukakamizidwa inshuwalansi kapena ngongole tsiku loyamba. Chokhazika mtima pansi n'chakuti kuyambira mu Epulo 2024 bungwe la Corporation for Deposit Insurance limateteza ndalama za wosungitsa aliyense mpaka R100,000 pa banki iliyonse, banki ikagwa.

Sindingalembe nkhaniyi ngati kuti aliyense ali ndi chilolezo, pamene tonse tikudziwa kuti ambiri adalowa ndi chidindo cha masiku 30 n'kuyamba maganyu. Chilolezo cha ntchito chimapemphedwa munthu ali kwawo, ndipo kuyambira chaka cha 2014 malamulo salola mlendo wongocheza kusintha kukhala wantchito ali m'dzikomo. Wopyoza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Munthu wotere banki siimutsekulira akaunti wamba, ndipo apa m'pamene chiyeso chobwereka akaunti ya wina chimabwera. Kwa banki, ndalama zili mu akaunti ndi za amene dzina lake lili pa akauntiyo, basi. Mwini wake akakhala ndi ngongole zimadulidwa, akamwalira zimatsekeredwa limodzi ndi chuma chake cha masiye, mukayambana mulibe kokadandaula. Makampani otumiza ndalama monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa amalembetsa anthu ndi pasipoti ya kwawo, ndipo alinso ndi makhadi amene munthu angalandirirepo malipiro. Kafunseni nokha zomwe akufuna pa nthawiyo, ndipo ngati mukukwanira, khadi ya m'dzina lanu iposa kutali akaunti ya m'bale ngakhale wokhulupirika chotani. Inu amene muli ndi akaunti, nanunso musaibwereketse: mukalowa ndalama zakuba, wofunsidwa ndinu.

Tsopano kalipiridwe ka tsiku ndi tsiku. M'masitolo aakulu, pomwetsera mafuta, m'malo odyera ngakhale kwa ogulitsa ang'onoang'ono ambiri amene ali ndi timakina ta Yoco, khadi ndiyo imalamulira, ndipo pa zogula zazing'ono mumangoigunditsa pa makinawo. Macheke adasiya kugwira ntchito kumapeto kwa chaka cha 2020, choncho wokulonjezani cheke akukunamizani. Sitima ya Gautrain mumalowa pogunditsa khadi yake kapena ya banki. Ndalama za m'manja zimafunikabe m'timashopu ta spaza, kwa alonda a galimoto, ndipo koposa zonse m'matakisi, amene kwathu tikadati maminibasi. M'matakisi ambiri a ku Johannesburg mulibe kondakitala. Okhala mzere umodzi amasonkhanitsa ndalama zawo n'kuzipatsira kutsogolo, akutchula kuti ndi za anthu angati, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga ndi kubweza chenje galimoto ikuthamanga. Mlendo asathamangire mpando umenewo, ndipo asatulutse R200 m'mawa, pakuti takisi yonse idzamuyang'ana. Njira yotsika mtengo yopezera ndalama za m'manja ndiyo kuzipempha pa tilu pogula zinthu ku Shoprite, Checkers, Pick n Pay kapena Boxer, komwe amadula zochepa kuyerekeza ndi pa ATM.

Potumizirana ndalama m'dzikomo njira zilipo zingapo, ndipo kusadziwa kusiyana kwake kumayambanitsa anthu. EFT wamba yochokera ku banki ina kupita ku ina ikhoza kutenga tsiku limodzi kapena awiri a ntchito, kotero lendi yotumizidwa Lachisanu madzulo mwini nyumba akhoza kuiona Lolemba kapena Lachiwiri. PayShap, imene idayamba mu Malichi 2023, imafikitsa ndalama nthawi yomweyo ndipo imatha kugwiritsa ntchito nambala ya foni m'malo mwa nambala ya akaunti. Kwa munthu wopanda akaunti kuli eWallet ya FNB, CashSend ya Absa ndi Instant Money ya Standard Bank, zimene zimamutumizira nambala pa foni yokatapira ndalama. Lendi muzilipira kudzera ku banki nthawi zonse, mutalemba dzina lanu ndi mwezi wake, chifukwa tsiku la mkangano umboni wake udzakhala pomwepo. Mukamagulitsa chinthu, uthenga kapena chithunzi choonetsa kuti ndalama zatumizidwa si ndalama. Katundu aperekedwe pokhapokha mwaona nokha mu akaunti yanu kuti zalowa. Chenjeraninso ndi debit order, chilolezo chimene mumapatsa kampani kuti izidzitengera yokha ndalama mwezi ndi mwezi. Muziwerenga sitetimenti yanu, ndipo mukaona yachilendo, ikaneni msanga pa foni kapena ku nthambi.

Kutumiza kumudzi ndiko chifukwa chimene ambiri adapitira, choncho kuchitike mwa dongosolo. Mukalembetsa ku kampani yotumiza ndalama, mumaitanitsa pa foni kuchuluka kwa zomwe mukufuna kutumiza, iwo amakupatsani nambala, ndipo mumakalipira pa tilu ya sitolo imene amagwira nayo ntchito kapena kudzera ku banki. Wolandira amazipeza pa Airtel Money, pa Mpamba, mu akaunti ya banki kapena pa kauntala ya kampaniyo. Poyerekeza makampani musayang'ane ndalama yodulidwa yokha, chifukwa wina amadula zochepa koma n'kukupatsani mtengo wosinthira wotsika. Funso lake ndi limodzi: pa R1,000 imene ndatulutsa m'thumba, amayi alandira makwacha angati? Dzina la wolandira lilembedwe monga lilili pa chiphaso chake cha unzika, osati dzina limene mumawatchula pakhomo, apo ayi gogo adzayenda ulendo wa ku boma pachabe.

Aliyense akudziwa kuti palinso njira zakuseri, zopatsira matransipota kapena zosinthana ndi wamalonda amene akufuna marandi ku Joni n'kupereka makwacha kwa abale anu ku Lilongwe kapena ku Mzimba. Chimakoka anthu ndi mtengo, popeza wa pamsewu wakhala ukuposa wa ku banki, ndipo sindinganame kuti kusiyanako n'kochepa. Komabe malondawo ndi osaloledwa ndi malamulo a maiko onse awiri, alibe lisiti, ndipo wonyamulayo akanena kuti adamulanda m'njira, nkhani yathera pomwepo. Ndalama ya fizi, ya feteleza kapena yomangira nyumba ine sindingaidutsitse kumeneko.

Akuba a pa ATM ali ndi kachitidwe kamodzi kamene muyenera kukadziwa musanakumane nako. Mukangoika khadi, bambo wovala bwino amene adali ngati akuchoka amabwerera n'kukuuzani mokoma mtima kuti makinawo akuvuta, muyambe mwadina apa. Dzanja lake limadutsa pa kabowo ka khadi kamphindi kochepa, ndipo inu mukamalembanso nambala yachinsinsi, mnzake ali kumbuyo akuyang'ana zala zanu. Khadi imene yatsala m'manja mwanu ndi ya mtundu womwewo koma si yanu, kapena mumangoganiza kuti makina ameza. Mauthenga oti ndalama zatapidwa amayamba kulowa musanafike n'komwe pa siteji. Musalandire thandizo kwa aliyense pa makina, phimbani zala polemba nambala, sankhani ATM ya mkati mwa banki kapena m'sitolo zazikulu, ndipo zikachitika tsekani khadi nthawi yomweyo pa foni musanayambe kufunsa anthu. Woimba foni n'kunena kuti ndi wa ku banki ndipo akufuna nambala yachinsinsi kapena imene yangobwera pa uthenga, muduleni. Banki siifunsa zimenezo. Akatapila a kumeneko, otchedwa mashonisa, amakonda kusunga khadi ndi pasipoti ya wokongola ngati chikole, zomwe ndi zoletsedwa. Mukakhala ndi dandaulo ndi banki, yambani mwalipereka ku bankiyo ndi kulandira nambala yake, ndipo likapanda kumveka mupite nalo ku National Financial Ombud Scheme, imene imathandiza mwaulere.

Tsiku lothera chilolezo chanu banki idalilemba, ndipo likadutsa musanapereke chatsopano, ikhoza kuimitsa akauntiyo malipiro ali momwemo. Yambani kukonzanso chilolezo miyezi ingapo chisanathe, ndipo lisiti ya ku VFS, kampani yolandira mapempho a zilolezo, yoonetsa kuti mwapereka pempho mupite nayo ku nthambi tsikulo lisanafike, mukafunse ngati aivomereza podikira yankho la Home Affairs, dipatimenti ya boma yopereka zilolezozo. Mukasintha pasipoti, nyumba kapena nambala ya foni, adziwitseninso.

Pobwerera kumudzi kosadzabweranso, musathamangire kutseka akaunti. Yambani mwathetsa ma debit order onse polankhula ndi makampani ake, tengani masitetimenti a miyezi ingapo yapitayo, ndipo funsani kuntchito ngati muli ndi ndalama za penshoni kapena za provident fund, thumba losungiramo ndalama zopumira pa ntchito. Ndalama zimenezi zimatuluka patapita masabata kapena miyezi, zimafuna nambala yanu ya msonkho ya ku SARS, bungwe lotolera misonkho la kumeneko, ndipo zimalipiridwa mu akaunti ya m'dzina lanu. Auzeni a banki kuti mukuchoka kuti akulongosolereni mmene akauntiyo ikhalire chilolezo chikatha ndi mmene zotsalazo zidzakutsatireni, ndipo simukhadi ya ku South Africa ikhalebe yamoyo mu foni mpaka ndalama yomaliza italowa.